Oluka, osema ndi oumba akumudzi: tingawaphunzitse bwanji kugulitsa pa foni?

M'mbali mwa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde muli mipando yosema, ku Salima panjira ya ku Senga Bay kuli ziboliboli ndi madengu, ku Mangochi kuli zipewa ndi mikeka ya mlaza. Luso lilipo, ndipo palibe amene angatsutse. Chovuta n'chakuti msika wa anthu amenewa umadalira galimoto yomwe yaima. Ikapanda kuima, tsikulo lapita. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka maulendo, alendo anasowa m'mbali mwa nyanja ndipo katundu anangounjikana m'zisakasa. Kuyambira pamenepo mabungwe, mipingo ndi magulu a achinyamata akhala akulankhula za kuphunzitsa amisiri akumudzi kutsatsa malonda pa intaneti. Cholingacho n'chabwino. Koma njira zophunzitsira zilipo zingapo, ndipo zina zimangotha ndalama osasiya kanthu m'manja mwa mmisiri.

Tisanaziyerekeze, tione kaye munthu amene tikufuna kumuphunzitsayo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi, kuti pafupifupi theka la mabanja ndilo linali ndi foni, ndiponso kuti mabanja ounikira magetsi anali pafupifupi 11 mwa 100, ambiri mwa iwo a m'tauni. Zinthu zasinthako, makamaka ndi kubwera kwa masola, komabe mayi woluka malichero ku Ntcheu nthawi zambiri ali ndi foni ya mabatani, kapena amabwereka ya mwana wake. Kutchajitsa amalipira. Netiweki amakaipeza pachulu kapena kuseri kwa tchalitchi. Chingerezi sachidziwa kwenikweni, ndipo mwina kuwerenga kumene kumamuvuta. Maphunziro alionse osayambira pamenepa ndiye kuti anakonzera munthu wina.

Zoti adziwe si zambiri: kujambula katundu wake mooneka bwino, kuika mtengo womwe suwononga mpamba, kuyankha wogula msanga, kulandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kutumiza katundu n'kukafika wosasweka, ndi kuzindikira akuba. Muyeso wanga pa njira iliyonse ndi umodzi: pakatha miyezi itatu, kodi mmisiriyo wagulitsapo kanthu kudzera pa foni, ndalama n'kulowa m'thumba mwake?

Maphunziro a masiku ochepa paboma

Iyi ndiyo njira yofala. Bungwe limachita lendi holo kapena chipinda cha pa loji, limaitana amisiri makumi angapo, katswiri wochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre amabwera ndi laputopu ndi pulojekita, ndipo pakatha masiku atatu aliyense amalandira satifiketi ndi ya thiransipoti. Ubwino wake ulipo ndithu. Amisiri a madera osiyana amadziwana, amaonerana ntchito, amapatsana manambala. Amamva kuchokera kwa munthu wodziwa kuti dengu lomwe iwo amagulitsa motchipa pamsewu limakagulidwa mtengo wina m'sitolo za m'tauni, ndipo zimenezi zimatsegula maso.

Koma mavuto ake ndi aakulu. Pamene pali alawansi, mndandanda wa oitanidwa umasokonekera: amabwera mlamu wa amfumu ndi mlembi wa komiti, woluka weniweni n'kutsala kunyumba. Amayi a ana aang'ono sangagone kuboma masiku atatu. Zophunzitsira zimakhala m'Chingerezi, womasulira akuthamanga pambuyo. Ndipo pali chinthu china chimene chimandipweteka mtima kwambiri: wophunzitsa amatsegulira aliyense tsamba la Facebook, nthawi zina pafoni yake yomwe, n'kusankha yekha pasiwedi. Akachoka, tsambalo limakhala ndi chithunzi chimodzi cha tsiku la maphunziro, ndipo mwini wake sadziwanso polowera. Lipoti limanena kuti amisiri 40 alowa pa intaneti, koma palibe amene wagulitsa ngakhale chipande chimodzi.

Njira imeneyi ndimaivomereza ikakhala poyambira pa ntchito yaitali, kapena ikakhala ya mutu umodzi wokha, monga tsiku lathunthu lojambula zithunzi, aliyense atabweretsa katundu wake ndi foni yomwe adzagwiritse ntchito kwawo. Imathandizanso ngati mwaitana ogula enieni, eni maloji ndi okongoletsa maukwati, kuti anene okha zomwe amafuna. Payokha siyikwana.

Makoleji ndi malo ophunzitsira zamakompyuta

Ku Lilongwe kuli mHub, ku Mzuzu kuli Mzuzu E-Hub, ndipo pulojekiti ya Digital Malawi, yomwe inayamba mu 2017 ndi ndalama za World Bank, inathandiza malo otere kuphunzitsa achinyamata luso la makompyuta. Palinso makoleji a ntchito zamanja a m'madera, omwe boma linayamba kutsegula mu 2015, amene maphunziro ake amayang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja. Kumeneku maphunziro amazama: kupanga zithunzi zotsatsira, kulemba uthenga wokopa, kulipira Facebook kuti malonda afikire anthu ambiri, kuwerengera phindu. Makompyuta alipo, magetsi alipo.

Koma agogo oumba mbiya ku Mchinji sangapiteko, ndipo sakuyenera kupitako. Malowa anapangidwira wachinyamata wa JCE kapena MSCE, ndipo wachinyamatayo akamaliza kawirikawiri amatsala m'tauni kusaka ntchito. Phindu lake pa nkhani yathu ndi lakuti angasule mnyamata kapena mtsikana amene adzabwerere kumudzi kukathandiza gulu, ngati gululo ndilo lamusankha ndipo pali mgwirizano woti abwerere. Ndingakondenso kuona aliyense wophunzira ukalipentala, utelala kapena kuwotcherera m'makoleji amenewa akutuluka akudziwa kujambula ntchito yake ndi kuitsatsa pa WhatsApp, chifukwa ameneyo ndi mmisiri wamawa.

Wailesi ndi mauthenga a mawu

Wailesi za m'madera monga Dzimwe ku Mangochi, Mudzi Wathu ku Mchinji ndi ya Nkhotakota zimafika kumene wophunzitsa sangafike, ndipo zimalankhula chilankhulo cha anthu. Pochenjeza za akuba a pafoni, palibe njira yoposa imeneyi. Ingathenso kuulutsa mawu a mmisiri mnzawo akufotokoza mmene anagulitsira mphasa kwa munthu wa ku Area 25 osakwera minibasi, ndipo anthu amakhulupirira mnzawo kuposa katswiri. Mauthenga a mawu pa gulu la WhatsApp amagwira ntchito yofananayo kwa amene ali ndi foni zamakono. Malire ake ndi oonekeratu: khutu limamva, koma chala sichiphunzira pomwe chikanikize. Wailesi ikhale yothandizira njira ina.

Wothandiza wa m'mudzi momwemo, mkati mwa gulu lomwe lilipo kale

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi njira imene ndimaikhulupirira. M'midzi yambiri muli kale magulu omwe amakumana mlungu uliwonse popanda alawansi: mabanki m'khonde, magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama a COMSIP, makopaletivu, magulu a amayi a mpingo. Ali ndi wapampando, msungichuma, kaundula, ndi malamulo omwe anthu amawaopa. M'malo mosonkhanitsa anthu atsopano, wophunzitsa amapita kumene anthu akumana kale. Gulu limasankha anthu awiri odziwa kuwerenga, mmodzi akhale wamkazi. Awiriwa amaphunzitsidwa mozamirapo, kenaka pamsonkhano uliwonse, akamaliza zoponya masheya, gulu limatenga ola limodzi kuphunzira chinthu chimodzi, pogwiritsa ntchito katundu weniweni amene akufuna kugulitsa mlungu umenewo.

Taonani mmene phunziro la zithunzi limayendera. Mayi wabweretsa lichero. Akangopatsidwa foni amaliika pansi pafumbi, dzuwa lili paliwombo, n'kujambula ataimirira. M'chithunzimo mukuoneka mthunzi wake, zala zakumapazi ndi nkhuku ikudutsa. Wothandiza uja sanena zambiri. Amapukuta kagalasi ka kamera ndi nsonga ya chitenje, chifukwa foni yosungidwa m'thumba limodzi ndi mtedza imakhala ndi mafuta. Amasamutsira lichero pakhonde, pamthunzi wowala, n'kuliimika pakhoma lozira bwino kapena pansalu yopanda maluwa. Amawauza kuti, "Mayi, gwadani, foni ikhale pamlingo wa licherolo." Ajambula lonse, ajambula mkombero pafupi kuti kumanga kwake kuoneke, ajambulanso mwana atalinyamula kuti wogula adziwe kukula kwake. Akaika zithunzi ziwirizo pamodzi, choyamba chija ndi chatsopano, gulu lonse limaona kusiyana popanda wowauza. Mlungu wotsatira mayi yemweyo ndi amene amaphunzitsa mnzake.

Phunziro la kayankhidwe nalonso limachitika pa uthenga weniweni. Wogula walemba kuti, "Zingati?" Ambiri amayankha mtengo wokha n'kukhala chete, kapena amayankha mawa lake foni itatchajidwa, wogula atapeza kale kwina. Gulu limagwirizana yankho lathunthu: moni, mtengo, kukula kwake, masiku omwe kuluka kumatenga, mtengo wotumizira kufika ku Limbe kapena ku Lilongwe, ndi nambala yolipirira pamodzi ndi dzina lomwe lituluke. Amene kulemba kumamuvuta amajambula mawu, ndipo ogula ambiri amasangalala kumva mawu a woluka mwini wake. Amagwirizananso maola omwe foni ikhale yoyaka tsiku lililonse, ndipo maolawo amalembedwa pa akaunti.

Njira imeneyi ili ndi minga yake, ndipo tisaibise. Foni ya gulu imayamba mikangano. Ikasungidwa ndi mayi, bambo akunyumba amatha kuitenga kupita nayo kumpira. Ikasungidwa ndi mnyamata, bandulo imathera pa TikTok. Choopsa kwambiri ndi pamene ndalama za ogula zikulowa pa nambala ya wothandizayo: tsiku lina amanyamuka ulendo wa ku Joni, nambala, makasitomala ndi ndalama zomwe n'kupita naye. Zotchingira zake ziyenera kukhazikitsidwa tsiku loyamba. Popeza SIM khadi imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, gulu lisankhe poyera amene dzina lake likhalepo, makamaka msungichuma, ndipo zilembedwe m'kaundula. Oda iliyonse ilembedwe m'kope: wogula, katundu, mwini katundu, ndalama yolowa, yotumizira. Uthenga wa ndalama uwerengedwe pamaso pa gulu. Wothandiza alandire gawo lodziwika pa chilichonse chogulitsidwa, chifukwa ntchito yaulere imatha ndi kutopa kapena ndi kuba. Ndipo ophunzira akhale awiri nthawi zonse, wina akachoka wina atsale.

Vuto lina ndi la opereka ndalama. Njirayi imachedwa, imafuna munthu woyendera magulu miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndipo chiwerengero cha pa lipoti chimaoneka chochepa poyerekeza ndi cha muholo. Koma ndi yokhayo imene wophunzitsa amakhalapo pa nthawi yomwe zinthu zavuta: oda yoyamba itabwera, mtsuko utasweka panjira, wogula atakana kumaliza ndalama. Amisiri ambiri amagwa ulesi pa vuto loyamba lotere, ndipo akagwa ulesi opanda wowalimbikitsa sabwereranso.

Kusiyira wina ntchito yogulitsa

Pali ena amene amati kuphunzitsa mmisiri aliyense kutsatsa n'kutaya nthawi. Wosema aseme, wogulitsa agulitse. Mfundo imeneyi ili ndi nzeru. Ku Mua, malo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 asula osema ambiri, ndipo dzina la malowo ndilo limakoka ogula, mmisiri payekha sakanatha kudzipangira dzina lotere. Pulogalamu ya One Village One Product, yomwe boma linayambitsa mu 2003, inayendanso m'ganizo loti magulu apange katundu, msika usakidwe pamodzi.

Pa malonda akunja, njira imeneyi ndi yosapeweka. Wogula wa ku London akafuna madengu 200 amafuna onse ofanana kukula, ouma bwino opanda nkhungu kapena anankafumbwe, olongedzedwa bwino, ndi mapepala oyenera. Mitengo ina ili ndi malamulo okhwima: mphingo uli m'gulu la mitengo ya Dalbergia yomwe malonda ake akunja anayamba kuyang'aniridwa ndi CITES, pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera, mu 2017, ndipo mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu ndipo ndi wotetezedwa. Wosema wa kumudzi sangalimbane ndi zonsezi yekha pafoni ya mabatani. Pakufunika kopaletivu kapena kampani yodziwa njira za ku nthambi ya zankhalango ndi za pachipata.

Ngozi yake ndi yakuti dobadoba wakale uja wangogula foni yamakono. Amapikula motchipa, amajambula, amagulitsa kuwirikiza kangapo, ndipo woluka sadziwa komwe dengu lake lathera. Choncho ngakhale gulu litasankha njira imeneyi, maphunziro akufunikabe, kungoti mutu wake ndi wina: kuwerengera mtengo wopangira, kulemba mgwirizano, kufuna dipoziti asanayambe ntchito, kupempha kuti dzina la gulu ndi mudzi lilembedwe pa katunduyo, ndi kutha kuyang'ana pa intaneti mtengo womwe katundu wawo akugulitsidwa. Amene akudziwa mtengo wa kumapeto amanenerera ndi mphamvu.

Kuyambira pati, ndipo wogula ndani?

Njira iliyonse imene mwasankha, yambirani pa WhatsApp. Anthu amaidziwa kale, bandulo yake ndi yotsika mtengo, imalola mauthenga a mawu, ndipo Status imaonetsa katundu kwa maola 24 kwa anthu omwe amakudziwani, amene ndi osavuta kuwakhulupirira ndiponso kuti akukhulupirireni. WhatsApp Business, yomwe inatuluka mu 2018, ili ndi malo oikapo zithunzi ndi mitengo ya katundu yense, ndipo ndi yaulere. Facebook ibwere pambuyo, makamaka magulu a malonda a m'mizinda yathu, gulu likazolowera kuyankha ndi kutumiza. Makanema a TikTok oonetsa manja akuluka amakopa anthu, koma amadya bandulo ndipo oonera ambiri sagula. Webusaiti ya gulu ikhale yomalizira, ngati ingafunike n'komwe. Imafuna kulipiridwa chaka ndi chaka ndi munthu woisamalira, ndipo zambiri zimafa pulojekiti ikatha.

Tisamafulumirenso kulota za azungu. Wogula woyamba ali pafupi. Ndi banja la ku Ndirande kapena ku Kawale lomwe likukonza chinkhoswe ndipo likufuna lichero, nsengwa, mthiko, chipande ndi mtondo waung'ono. Ndi wokongoletsa maukwati, mwini lesitilanti, mwini loji wa ku Cape Maclear wofuna zotchingira nyali. Ndi Mmalawi wa ku Johannesburg amene akufuna kugulira amayi ake mipando, alipira kudzera ku Mukuru, katundu n'kukaperekedwa kumudzi kwawo konkuno. Onsewa amalankhula chilankhulo cha mmisiri, amalipira makwacha, ndipo katundu wawo amafika pa basi.

Mitengo imafuna phunziro lakelake, ndipo maphunziro ambiri amalidumpha. Woluka amawerengera mlaza ndi utoto, koma masiku ake ogwira ntchito sawawerengera. Pogulitsa pafoni pamaonjezekera bandulo, kutchajitsa, kabaza wopita kumsewu, katoni, ndi ndalama yomwe imadulidwa potapa kwa ejenti. Zonsezi zikapanda kulowa mumtengo, gulu limagulitsa kwambiri koma mpamba n'kumatha. Komanso mitengo imakalamba msanga. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anasiya mitengo yakale pa zithunzi zawo anakakamizika kugulitsa moluza kapena kukangana ndi ogula. Gulu lizikhala pansi mwezi uliwonse kuunikanso mitengo.

Za akuba zisadikire mlungu wachisanu, ziphunzitsidwe tsiku loyamba. Uthenga wonena kuti mwalandira ndalama ungathe kulembedwa ndi munthu aliyense. Katundu asachoke musanaone nokha balansi pafoni yanu. Woimba foni kunena kuti watumiza ndalama molakwitsa mumubwezere, auzidwe kuti aimbire kampani ya foni. PIN sapatsa munthu, ngakhale ejenti, ngakhale wodzitcha wa ku ofesi. Mbali inayi, wogula nayenso amaopa kuberedwa, ndiye gulu lizolowere kutumiza chithunzi cha katundu atalongedzedwa, risiti ya kampani yotumiza katundu, kapena nambala ya galimoto ndi ya kondakitala ngati apereka pa minibasi. Mbiya ndi mitsuko zimafuna udzu wouma mkati ndi kunja, katoni yolimba, ndi mgwirizano wa amene aluze ikasweka, wonenedwa ndalama isanatumizidwe.

Ngati muli ndi ndalama zochepa, monga mpingo kapena kagulu ka achinyamata, tengani magulu awiri kapena atatu okha a m'dera lanu, muwayendere mlungu ndi mlungu, ndipo wailesi ya m'dera muipemphe mphindi zochepa za chenjezo la akuba. Ngati ndinu bungwe lalikulu, tumizani othandiza osankhidwa ndi magulu kukaphunzira ku malo a makompyuta aja, ndalama zomwe zikanathera pa holo ndi alawansi zipite kwa woyendera magulu, ndipo holo muichite lendi kamodzi kokha, tsiku lokumanitsa amisiri ndi ogula. Foni musangoipereka yaulere. Gulu liikepo gawo lake kuchokera m'bokosi la banki, chifukwa chomwe anthu asonkhera amachilondera. Yambani mu May kapena June, anthu atakolola, ndalama zili m'manja ndipo nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati ikuyandikira. Kuyambira December mpaka March aliyense ali kumunda, misewu yadothi yaterera, mlaza suuma, ndipo pa msonkhano mudzapeza anthu atatu. Pa chilichonse chogulitsidwa, gulu lizipatula kandalama ka bandulo ndi kokonzetsera foni, popeza galasi lidzasweka ndithu, ndipo likadzasweka pulojekiti idzakhala itatseka kale mabuku ake.